Nazale za Mayi Rosalina

Tinabwerera ku Cuamba nkhondo itatha, ine ndili Folomu 3 ya ku Malawi. Kusukulu ya kuno anandibweza m'mbuyo chifukwa Chipwitikizi changa chinali chopunduka, ndipo Chingerezi chimene ndinkanyadira chinasanduka katundu wopanda msika. Tsiku lina amalume, amene ankakonza njinga pafupi ndi njanji, anamva kuti okumba mijigo akufuna womasulira. Ndinapita nditavala siketi ya sukulu, ndipo anandilemba ntchito ya patchuthi.

Mkulu wa makina anali a Viktor, ochokera ku Rasha. Chingerezi ankachidziwa, koma akapsa mtima kapena akasangalala ankayamba ndi mwambi wa kwawo, kenako n'kuusandutsa Chingerezi liwu ndi liwu. Woyendetsa lole atanama kuti dizilo watayikira panjira, iwo anati, "Usandikoleke zakudya m'makutu." Ndinangoti kukamwa yasa.

Choncho ndinagula kope n'kuligawa mizere itatu: mmene mawuwo amamvekera m'Chirasha, Chingerezi chomveka bwino, ndi Chinyanja. Pa nthawi yopuma ndinkawafunsa tanthauzo. "Yesa kasanu ndi kawiri, dula kamodzi" ndinaufananiza ndi wathu uja wakuti kuthamanga si kufika. Wina unali wakuti "zalembedwa pamadzi ndi foloko yowolera udzu". Pambali pake ndinalemba ndekha kuti: chinthu chosadalirika, mwina chichitika, mwina ayi.

Mu Seputembala tinapita kumudzi wina ku Ngauma. A Viktor anakhoma zitsulo pansi, n'kukoka mawaya, n'kumawerenga kabokosi koyesera nthaka mpaka dzuwa linapendeka. Kenako anthu anasonkhana paseri pa tchalitchi chopanda denga. Anaimirira mayi Rosalina, amene amuna awo anatsala m'manda a ku Malawi, ndipo ankalera ana asanu ndi ndalama za fodya.

"Mwanawe, tafunsa bambowa. Madzi alipo pano? Dambo lili kutali, miyendo yanga yatha. Ngati alipo, nazale ndifese pompano."

Ndinamasulira. A Viktor anakanda chibwano, n'kunena mwambi wa foloko uja, ndipo anawonjeza kuti pansi pali thanthwe.

Tanthauzo ndinkalidziwa, linali m'kope m'chikwama changa. Koma kwathu womasulira mawu a mlendo amawasambitsa kaye, ndipo mtsikana salasa akuluakulu ndi mawu okhumudwitsa pagulu. Maso onse anali pa ine. Ndinagwada n'kunena kuti, "Akuti pali kathanthwe, koma tikhale ndi chiyembekezo, zinthu ziyenda."

Amayi analulutira. A Viktor anandiyang'ana. "Wawauza chiyani?"

"Zomwe mwanena," ndinatero.

Tinabwererako ndi makina patapita milungu itatu. Pafupi ndi chikhomo chimene tinasiya pamalo okumba panali mabedi anayi a nazale, ofunditsidwa udzu, mbande zitamera ngati tsitsi la khanda. Mayi Rosalina ndi ana awo ankasenza madzi kuchokera kudambo m'mawa ndi madzulo, podikira ife.

"Mwafika, apongozi anga," mayiwo anandiseka. "Mjigo ukatuluka ndikupatsa mwana wanga wamkulu, ngakhale ndi waulesi."

Kukumba kumayenda chonchi: paipi ikalowa yonse amalumikiza ina, kompuresa imapopera mpweya pansi, ndipo fumbi lotuluka amaliunjika timilu pamzere, kamulu kamodzi paipi imodzi. A Viktor ankafinya kamulu kalikonse m'manja kufuna chinyezi. Tsiku lachitatu timilu tonse tinali totuwa ngati phulusa. Anazimitsa kompuresa, n'kulamula kuti mapaipi azulidwe.

Mayi Rosalina anabwera ndi ndowa kumutu. "Bwanji mwasiya?"

A Viktor anavula chipewa. "Uwauze kuti pepani. Ndinawachenjeza tsiku lija kuti n'zosadalirika."

Apa sindinasambitse kanthu. Ndinanena zonse, ndi zanga zomwe. Mayiwo anatula ndowa pansi mosamala kuti asataye dontho.

"Ndiye iwo ananena, iwe n'kubisa?"

"Ndinkaopa kukukhumudwitsani, mayi."

"Ukanandikhumudwitsa tsiku limodzi, mwanawe. Ndikanafesa kudambo."

Sanakalipe. Anatenga ndowa ija n'kukathirira bedi limodzi, atatu enawo n'kuwasiya. Mbewu ina analibe, ndipo nthawi yofesa inali itapita. Ndinamva pambuyo pake kuti chaka chimenecho ana awo awiri anasiya sukulu n'kumagwira ganyu m'minda ya anzawo.

A Viktor sanandichotse ntchito. Pobwerera anangondiuza kuti, "Mawu anga akakhala oipa, uwapereke ali oipa. Wotukwanidwa ndikhale ine."

Ndikufunabe kudzakhala womasulira ndikamaliza sukulu, ndipo kope lija ndikulisunga. Patsamba la foloko ndinawonjezapo mzere wachinayi, umene ndimauona ndisanayankhulire munthu aliyense. Palibe tanthauzo lililonse pamenepo. Pali dzina la mayi Rosalina basi.