Chisudzulo cha Mphwanga ndi Liwu Loti Endokirini

Mphwanga, mwana wamkazi wa mlongo wanga, anayamba kuwonda chaka chachiwiri chilowere matipate. Chakacho ndikuchidziwa bwino chifukwa khadi lake lakuchipatala ndili nalo. Ndinagwirapo ukalaliki pamsika wogulira mpunga kwa Malengachanzi kuno, ndipo kuyambira pamenepo sinditaya pepala, kaya ndi lisiti la msonkho, kaya tikiti ya basi.

Kuwonda kwake kunali kodabwitsa. Ankadya kuposa tonse pakhomo, koma thupi linkangotha. Thukuta silinkamuchoka ngakhale mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, ena tonse titadzikuta m'nsalu. Manja ankanjenjemera mpaka kutaya tiyi, mtima unkagunda ngati wathamangitsidwa, ndipo maso anatuluka pang'ono moti ankaoneka ngati munthu wodzidzimuka nthawi zonse.

Zaka zimenezo maliro ankachitika pafupipafupi, ndipo munthu akawonda anthu sankafunsa zambiri. Ankangoti, "Ndi zomwezi." Sindikunena kuti amene anadwaladi matenda aja anayenera kusalidwa. Ena mwa iwo ndinawanyamula ndi mapewa angawa, ndipo anali anthu abwino. Chimene chinandiwawa ndi nkhani imene anthu anaimanga pamwamba pa kuwondako. Mwamuna wake, mkamwini wathu wochokera ku Benga, anali msodzi, ndipo nyengo ya usipa ankakhala ku Ngala. Iye anali wonenepa. Ndiye anthu anagamula okha: mwamuna ali bwino, mkazi akutha, ndiye kuti mkaziyo ankayendayenda mwamuna akakhala kunyanja. Tsiku lina mkamwiniyo analongedza zovala n'kunena kuti akukaona mayi ake. Sanabwererenso.

Ine ndine malume ake a mtsikanayo, komanso ndinali nkhoswe wa ukwatiwo. Dzina lake likaipa, woyamba kufunsidwa ndine. Ndinapita naye kuchipatala cha kufupi, ndipo dokotala wa kumeneko atamugwira pakhosi n'kumuuza kuti ameze, anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Kumeneko anamutenga magazi, ndipo titabwereranso tinakumana ndi dokotala wina, mayi wachitsikana wolankhula mofatsa.

"Bambo, matenda amene anthu akunenawo mwana wanuyu alibe," anatero. "Vuto lake ndi la endokirini."

"La chiyani, adokotala?"

Anabwereza, kenako anafotokoza. M'thupi muli tiziwalo timene timathira m'magazi timadzi totchedwa mahomoni. Timadziti ndi timene timauza mtima liwiro lake, thupi kutentha kwake, ndiponso mmene chakudya chigwirire ntchito. Tiziwalo tonseto pamodzi ndiye amati endokirini. Kamodzi mwa ito ndi chithokomiro, cha pakhosi, ndipo cha mphwangayo chinkathira mopitirira muyeso. Mapiritsi ake alipo, koma kuchira kwake n'kwapang'onopang'ono. Ndinapempha kuti liwulo andilembere m'zilembo zikuluzikulu kumbuyo kwa khadi, ndipo analemba.

Sabata yomweyo ndinakwera matola kupita ku Benga. Nkhoswe wa mkamwini wathu anali malume ake, telala wosokera pakhonde la golosale. Ndinawapeza akusoka malaya a nsalu ya chipani, anzawo atakhala pabenchi. Ndinawapatsa khadilo. Analitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera.

"Asewere, masiku ano a demokalase aliyense akulemba zimene akufuna. Nyuzi zokha zachuluka ngati usipa. Tiuzeni ndi pakamwa, akudwala chiyani?"

"Chithokomiro," ndinatero.

"Chithokomiro? Mayi anga anamwalira nacho chachikulu ngati papaya, koma ankasenza mtolo wa nkhuni mpaka ukalamba. Chithokomiro sichiwondetsa munthu."

Pamenepo ndinafuna kutchula liwu la adokotala lija. Lilime linandikana. Ndinayamba "ende," n'kubwerera, n'kuyambanso "endo," kenako ndinatulutsa chinthu china chimene si liwu m'chilankhulo chilichonse. Anthu a pabenchi aja anaseka mpaka wina anatsokomola.

"Matenda oti mwini wake akulephera kuwatchula?" anatero atelala, akuponda makina awo. "Pitani mukawaphunzire kaye, asewere."

Anandiuza monyoza, koma ndinachitadi zomwezo. Tili kusukulu aphunzitsi athu ankakana kuti tingoloweza liwu. Ankafuna uliike m'chiganizo chako, chonena zinthu zimene ukuzidziwa, ndipo ukalephera ankati liwulo sunalidziwe. Inali nyengo yoti mpunga wayamba kucha, ndipo ndinkakhala kudambo kupirikitsa mpheta. Kumeneko, popanda wondiseka, ndinayamba kumanga ziganizo, ndipo m'malo mokuwa "psii" ndinkazikuwira mbalamezo.

"Endokirini ndi tiziwalo tothira mahomoni m'magazi!"

"Munthu aliyense ali ndi endokirini, ngakhale telala!"

"Mphwanga akudwala matenda a endokirini, ndipo mankhwala ake alipo!"

Choyamba chija ndinachisiya msanga, chifukwa ndinaona kuti chikungofotokoza liwu lachilendo ndi liwu linanso lachilendo. Ndinafuna ziganizo zoti mayi wosapita kusukulu amve n'kukazibwereza pachitsime. Ndinati endokirini ikafulumira, munthu amadya koma osakhuta, ngati moto wopemereredwa kwambiri umene umatha nkhuni msanga. Ndinati matenda a endokirini satengedwa pamphasa, sapatsirana pakapu, ndipo sasankha wachiwerewere kapena wokhulupirika.

Mlongo wanga atandibweretsera mbatata kudamboko anandipeza ndikukuwa.

"Achimwene, anthu ayamba kunena kuti mwazungulira mutu. Akuti mukuchititsa msonkhano wa chipani kwa mbalame."

"Anene. Mbalamezi zikumva msanga kuposa anthu a ku Benga."

Madzulo ndinkabwereza ziganizozo pamaso pa mphwangayo, iye n'kumandikonza. Anali atamva zambiri kwa adokotala kuposa ine, chifukwa pamene ine ndinkalimbana ndi zilembo, iye ankamvetsera. "Ayi malume, sanati chithokomiro chatupa basi. Anati chikugwira ntchito mopitirira." Mapiritsi aja ankamwa mosadumphitsa. Manja anayamba kukhazikika, koma thupi linali lisanabwerere, ndipo anthu ankaonabe zimene ankafuna kuona.

Titakolola mpunga, uthenga unafika woti a ku Benga akubwera kudzasudzula. Tinamvanso chifukwa cha changu chawocho. Mkamwini uja anali atapeza mkazi wina ku Ngala, koma abale a mkaziyo anakana kumulandira asanamasule ukwati woyamba. Kwathu kuno ukwati suthera m'malere. Ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, chifukwa chake chimanenedwa poyera, ndipo mwamuna amaika kakhobidi pamphasa ngati chizindikiro choti mkaziyo wamasulidwa. Nkhoswe wa mkazi akapanda kukatola, ukwati sunathe. Ndipo chifukwa chimene chanenedwa pamphasapo ndi chimene anthu amanyamula kupita nacho m'midzi. Mphwanga anali atandiuza kale kuti mwamunayo sakumufunanso. Chimene tinkalimbirana tsopano chinali dzina lake.

Anafika m'mawa, atelala aja, mkamwiniyo ndi mayi ake. Tinayala mphasa pakhomo pa mlongo wanga. Anthu oyandikana nafe anabwera osaitanidwa, ena ngati mboni, ena atanamizira kudzapempha moto. Titapatsana moni, atelala anayamba bwinobwino.

"Asewere, tisatalikitse. Ana awa sakugwirizananso. Zina zonsezo tisazikumbe, tonse tikuzidziwa. Tingoti alekana mwamtendere."

Mkamwini anaika kakhobidi pamphasa. Ine ndinapinda manja.

"Zimene tonse tikuzidziwazo ndi ziti?" ndinafunsa.

"Aa, asewere, pali ana pano."

"Ana amva kale kuchitsime. Mukati tisazikumbe, aliyense pano achoka akuti zija n'zoona, koma ankhoswe achita manyazi kuzinena. Ine sinditola kanthu pamphasapa mpaka chifukwa chenicheni chinenedwe."

"Ndiye mwawaphunzira matenda aja?" anatero, akuyang'ana anthu kuti aseke nawo.

Ndinaimirira, ngakhale nkhoswe sayenera kuimirira. Ndinalankhula pang'onopang'ono. Ndinati mphwanga akudwala matenda a endokirini. Ndinati endokirini tili nayo tonse, ndipo chithokomiro ndi mbali yake imodzi. Ndinati cha mayi awo a atelala chinangotupa, koma cha mphwanga chikufulumiza thupi lonse. Ndinanena za moto ndi nkhuni, za mphasa ndi kapu. Lilime silinapunthwe ngakhale kamodzi. Mayi wina woyandikana nafe anafunsa ngati thukuta lija linali la zomwezo, ndipo ndinamuyankha. Wina anafunsa za maso, ndinamuyankhanso.

Atelala anakanda m'mutu. "Chabwino, tamva. Ndi matenda amene mwanenawo. Tolani."

"Ati?"

"Amenewo."

"Atchuleni, asewere. Munandiuza nokha kuti matenda osatchulika ndi okayikitsa."

Anayesa. Anati "endekelini," anati "andikiloni," ndipo anthu anaseka monga anandisekera ine ku Benga. Ndikanasangalala nazo, koma mphwanga, amene anakhala pambali pa mayi ake, analankhula.

"Malume, asiyeni agogowa. Si iwo anandikwatira. Anene mwini wake."

Tonse tinatembenukira kwa mkamwini. Anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala chakuphazi. Atelala anamugunda ndi chigongono. "Nena iwe, tizipita. Ukalephera akuthandiza aphunzitsiwa."

"Mkazi wanga akudwala matenda a endokirini," anatero mkamwiniyo. "Chithokomiro chake chikugwira ntchito mopitirira. Sanayendeyende."

Analitchula mosalala, ngati liwu limene wakhala nalo m'kamwa nthawi yaitali. Palibe anaseka. Ine ndinadziwa mmene liwulo limavutira kwa munthu wolimva koyamba, ndipo atelala anali atangozionera okha. Mayi ake a mkamwiniyo anamuyang'ana.

"Iwe, walidziwira kuti?"

Anayankha mphwanga. "Titangochoka ku Lilongwe ndinapita ku Ngala, amayi, osauza malume. Ndinawafotokozera zonse pagombe pomwe, ndipo anandibwerezetsa mpaka analigwira. Anati akakuuzani."

"Ndiye unkadziwa," anatero mayiwo, "ife n'kumayenda mudzi wonse tikunena mwana wa eni ake?"

"Ndinkaopa kuti anthu anena kuti ndathawa wodwala."

"Nanga wathawa ndani?" anafunsa mayi ake.

Mpaka lero ndikaganiza zimenezi magazi amandiwira. Munthu anali ndi choonadi m'kamwa miyezi yonse ija, n'kusankha kuti mkazi wake azitchedwa wachiwerewere kuti iye aoneke wolakwiridwa. Ndinafuna kulankhula zambiri, koma mphwanga anandigwira mkono.

"Tolani, malume. Zakwana."

Ndinatola. Ukwati unathera pomwepo.

Alendo amaperekezedwa, ndipo kawirikawiri timabwerera pamalire a pakhomo. Tsiku limenelo ndinavala jekete n'kunena kuti ndiwafikitsa kumsewu wa tala. Atelala anakana, anati ndisavutike, dzuwa lakula. Ndinati sindivutika.

Woyamba kukumana naye anali bambo wina akuchokera kunyanja ndi nkhafi yopalasira bwato paphewa. Titapatsana moni anafunsa ngati tayenda bwino.

"Tayenda bwino," ndinatero. "Ukwati watha. Mphwanga akudwala matenda a endokirini, a pakhosi, ndipo akumwa mankhwala. Zina zija zinali zabodza. Si choncho, asewere?"

"Ndi choncho," anatero atelala.

Kenako tinapeza amayi pamjigo. Ndinaima, ndinabwereza, ndinafunsanso, ndipo atelala anavomeranso. Pachigayo panali anthu ambiri, ndiye pamenepo ndinatalikitsako. Mkamwini uja ankayenda patsogolo kutali, ngati sali nafe. Pofika pamsika wa nsomba mayi ake anali atayamba kundithandiza, ndipo ndikati "endokirini" iwo ankawonjezera kuti, "Mwana wanga ankadziwa, osanena."

"Asewere," anatero atelala titayandikira msewu, akupukuta thukuta, "kodi anthu a m'dera lino mwawaitana dala? Sathatu."

"Atsala a pasiteji," ndinawauza. "Matola amachedwa masiku ano. Tikhala nawo pamodzi mpaka abwere."