Adyo Woundana wa Goliati

Amene amamuseka Goliati pa Mkanda pano ayambe adzifunsa kuti iwo anayambitsapo chiyani. Munthuyu anachokera ku Phalombe ndi bulangete limodzi, kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya. Fodya atamukwana anagula njinga n'kuyamba kabaza, kenako anakwatira Stelia, mayi wogulitsa mafulizesi pafupi ndi msika. Anakhala kwawo kwa mkazi monga mkamwini aliyense, n'kubereka mwana mmodzi, Tionge. Malo ndi a Stelia, mango ndi a Stelia, filiji yaikulu ya pabalaza anagula Stelia atakolola mtedza. Za Goliati pakhomopo ndi njinga ndi bulangete lija basi.

Vuto lake, ngati ndi vuto, mutu wake sugona. Anagulitsapo maambulera mu Ogasiti. Anawetapo zinziri, zinathawira kwa aneba. Pa nkhani ya zinzirizo a Benedict, amalume ake a Stelia amenenso ndi mwini mbumba, anamuchenjeza kuti akadzabweretsanso bizinesi yosokoneza pakhomo, adzapinde bulangete lake aziona msewu.

Ndiye mu Okutobala, ali ku Chipata, anaona wamalonda wina, Innocent, akutsitsa makatoni ofuka nthunzi yozizira. Munali adyo wosendasenda, woundana gwa, m'mapepala a pulasitiki. Innocent anati adyoyu wawoloka nyanja yamchere pa sitima ndipo mahotela a ku Lusaka amachita kulimbirana. Goliati anaganiza kuti chinthu chowoloka nyanja osasungunuka sichingalephere kufika pa Mkanda, pakhonde pomwepa. Komanso pa Mkanda panalibe ndi mmodzi yemwe wogulitsa adyo wozizira. Chifukwa chake sanadzifunse. Mawa lake anabwereranso ku Chipata ndi bulangete lija, poti ogulitsa ayisi amafunditsa katundu wawo, n'kugula katoni ya adyo, n'kuimanga pakaliyala.

Pa boda, mkulu wa pachipata anafuna chilolezo cholowetsera zakumunda m'dziko. Goliati anayankha kuti izi si zakumunda, ndi ayisi, ayisi ndi madzi, ndipo madzi a ku Zambia amalowa m'Malawi dzinja lililonse opanda pepala. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, anavomereza kuti mvula ilibe pasipoti, n'kumubweza bwinobwino.

Wina akanataya mtima. Goliati anatembenuza njinga n'kulowa tinjira ta m'minda, cha ku Kachebere, dzuwa lili paliwombo. Katundu anayamba kudontha. Agalu anamuthamangitsa, atafika pafupi anabwerera okha. Mayi wina wochokera kudimba anapatuka n'kufunsa ngati wodwalayo akupumabe.

Anafika Stelia ali ku kwaya. Anafukula mafulizesi, anayala adyo pansi pa filiji, n'kukwiriranso. Pamenepo ndi pamene magetsi anathima, ndipo anathima mpaka anthu anaiwala kuti mababu ndi a ntchito yanji. Nanga limenelo ndi vuto la Goliati? Magetsi amayatsa ndi iye?

Stelia sankatsegula filiji, kuopa kutulutsa kuzizira kotsalako. Goliati anali kalikiliki kusaka msika. Amayi a pamsika anamuonetsa adyo wawo wouma, amene amakhala pathandala mpaka mvula osapempha magetsi kwa munthu. Wachipisi anati anthu ake amafuna mchere ndi tsabola, zinazo n'za m'tauni. Wa lesitilanti anafunsa ngati adyoyo amabwera ndi filiji yake.

Magetsi atayaka, Stelia anatsegula chivindikiro n'kukhala pansi. Adyo anali atasanduka phala, madzi ake atalowa paliponse. Mafulizesi a malambe, a bwemba, onse ankanunkha ngati ndiwo za ku hotela. Anatsuka ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu, anaikamo makala. Fungo linangokhazikika ngati mwini nyumba. Anapanga mafulizesi atsopano, ogula ananyambita kamodzi n'kulavula. Stelia anaponya bulangete panja n'kuitanitsa amalume ake.

Anakhala pansi pa mango. Tsono a Benedict amadwala BP, ndipo anzawo a pabawo anawauza kalekale kuti azitafuna adyo. Anapempha umboni. Anawapatsa fulizesi wa bwemba. Anayamwa mwakachetechete mpaka pepala linauma, n'kunena kuti mlandu waukulu chonchi sugamulidwa ndi umboni umodzi, abweretse wa malambe.

“Malume, sindinakuitanireni phwando,” anatero Stelia. “Munthuyu azipita kwawo.”

Goliati anatola bulangete lake, anthu n'kusendera kutali. “Ndipita, mayi a Tionge. Koma adyo uja anali wabwino. Lalakwa ndi dziko lotenthali.”

A Benedict anapukuta pakamwa. Anati mawu awo aja sanaiwale, mkamwiniyu apitadi. Koma fungo wabweretsa ndi iye, ndiye sangalisiyire eni mudzi iye n'kukapuma mpweya wabwino ku Phalombe. “Akhale, azitsuka filiji. Tsiku limene fungo lidzathe, tsiku lomwelo anyamuke.”

Stelia anang'ung'udza, koma mwini mbumba akagamula wagamula.

Kuyambira pamenepo Goliati amatsuka filiji Loweruka lililonse, poyera, ndi thovu lambiri, kuti mudzi wonse uone. Mvula inagwa, anthu anakolola, inagwanso. Fungo lili pompo. Amiseche amati akamaliza kutsuka amatikita kambewu ka adyo m'mphira wa pachivindikiro. Awatchule amene anamugwira dzanja. Mafulizesi aja tsopano amagula madoda a pabawo, a Benedict patsogolo, akuti amatsitsa BP. Achipatala sananenepo zimenezo, koma madodawo sanawafunse.

Chaka chatha Goliati anagwa ndi malungo, anagonekedwa mpaka anthu anayamba kulankhula motsitsa mawu. Filiji inakhala yosatsukidwa, ndipo a Benedict anadandaula kuti fulizesi wayamba kumveka bwemba yekhayekha. Amiseche aja anati basi, akangodzuka apinde bulangete.

Loweruka lotsatira Stelia, amene sanaikepo adyo m'ndiwo chibadwire, anaoneka pamsika akusankha mitu ikuluikulu. Wogulitsa anamufunsa kuti wayamba liti.

“Ndi wa bizinesi,” anatero Stelia. “Ndipo musandiyang'ane choncho.”

Goliati anachira. Bulangete lija likadali pabedi, ndipo nalonso silinasiye kununkha.