Miyala Isanu ndi Inayi ya Mlamu Wanga

Mlamu wanga Gobnait, mkazi wa achimwene anga a Manus, tamuika m'manda sabata yatha pachilumba chathu chino, kuzambwe kwa Ireland. Anali ndi ana asanu ndi pakamwa pamodzi, koma pakamwapo pankakwanira mudzi wonse.

Gobnait ali ndi zaka makumi atatu, wina anasiya chipata chosatseka, ng'ombe ya mlamu wangayo imodzi yomweyo n'kugwa kuphompho, nyanja n'kuitenga. Sanalire. Anasala kudya masiku atatu, n'kukwera ku tchalitchi chakugwa cha kumtunda kwa mudzi wathu, kumene kuli miyala yotembererera, yobulungira, yoposa makumi asanu. Anatembenuza isanu ndi inayi mobwerera, motsutsana ndi njira ya dzuwa, akunena kuti wosiya chipatayo madzi amutenge.

Pobwera anapeza a Manus akusoka ukonde.

"Mwatembenuza ingati, mayi?" anafunsa achimwene.

"Isanu ndi inayi."

"Mwawononga miyala. Ine ndine wochepa thupi, iwiri ikanandikwana. Chipata chija ndinasiya ndine."

Tsono a Manus anali msodzi.

Temberero limabwezeka ukatembenuzanso mwala womwewo motsata dzuwa. Koma miyala ija ndi yofanana ngati mbatata, ndipo tsiku lija ukali sunamulole kuona imene anagwira. Basi anayamba kutembenuza yonse, m'mawa uliwonse achimwene asanakankhire bwato pamadzi. Mvula, chisanu, ali ndi pakati, iye ulendo kumtunda. Zala zake zinachita kupindika.

Ine ndinkamudikira panjira. "Alamu, mwala wapakona uja mwaudumpha."

"Galu iwe, wauona ndi maso ati?" Ankatero, koma ankabwerera kukayambiranso. Lero ndikuchita nazo manyazi.

A Manus sanamire. Anamwalira pakama pawo, mutu uli mbuu, patapita zaka makumi anayi. Dokotala wochokera kutsidya kwa nyanja anabwera kudzaona thupi. Tonse tinkamutsinzinira kuti atseke pakamwa, koma mlendo sadziwa za chipata. Anafotokoza bwinobwino kuti m'mapapo munadzaza madzi.

Titachoka kumanda kokaika a Manus, Gobnait anandigwira malaya.

"Alamu, ndiuzeni zoona. Ndinkadumpha mwala uti?"

Ndinamuuza kuti palibe, kuti masiku onse aja ndinkangomunamiza. Anasiya malaya anga. Sanandikhulupirire, ndipo wakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi osandikhulupirira.