Anthu Owerama Pakhonde pa Tusekile

Tusekile anabadwira ku Lupembe, m'banja lolima mpunga, ndipo ntchito yoyamba imene anaiphunzira inali kusenza. Anasenza mitolo ya mpunga kuchokera kudambo, anasenza madzi, anabereka azing'ono ake kumbuyo mpaka msana unazolowera. Atakwatiwa ku Chilumba ndi a Lyson Kayira, mmisiri wokhoma maboti, anayamba kusenza matabwa. Pali anthu ena amene ukangowaona umakumbukira kuti katundu wako akukulemera, ndipo Tusekile anali mmodzi wa iwo. Pamaliro ndiye ankagonera kumoto, kutchalitchi ndiye ankatsala kusesa. Amayi ake anamuphunzitsa kuti munthu akakhala pakhonde pako sumufunsa kuti anyamuka liti, ndipo lamulo limeneli analigwira kuposa aja khumi a m'Baibulo.

Ana anabereka angapo, koma amene anakula ndi mmodzi yekha, Emma. Ameneyu anapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba. Pasanapite nthawi yaitali, a Kayira anagwa akupala thabwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inauma, pakamwa panapotoka, mawu anawatsalira owerengeka. Kuyambira pamenepo katundu wa Tusekile anali amuna ake: kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala ndi supuni, kuwakhazika padzuwa ndi kuwabwezanso. Sankadandaula, koma ankatopa, ndipo kutopako kunkaonekera m'mene ankakhalira pansi, mogwira bondo kaye.

Emma sakanatha kubwera. Mapepala ake anali atatha kalekale, moti akanangotuluka m'dzikomo, chitseko chikanatsekeka kumbuyo kwake, ndipo mankhwala a bambo ake akanatha naye limodzi. Chimene anakwanitsa ndi kutumiza foni yaikulu kudzera kwa dalaivala wa basi, kuti Lamulungu lililonse masana, abwana ake akamumasula, aziimba moonana nkhope. A Kayira ankakhalira moyo Lamulungu limenelo. Masiku enawo ankangodikira.

Koma netiweki ya pa Chilumba inali ndi khalidwe lake. Nsanja inali imodzi, paphiri, ndipo aliyense ankaikakamira: ogula usipa m'mawa, asilikali a kubalakisi, apaulendo tsiku lofika sitima, ndiye Lamulungu masana dera lonse likatuluka m'tchalitchi. Emma ankangoti "Adada," nkhope n'kuuma pomwepo, pakamwa pali yasa, diso limodzi lotsinzina. A Kayira ankaigwedeza foniyo ndi dzanja lamoyo lija, kuiyang'ana kumbuyo, kenako n'kutembenukira kukhoma. Tusekile zimenezi zinkamupweteka kuposa msana.

Tsiku lina kunafika mnyamata wamkulu ndithu wovala chijekete chonyezimira, dzina lake Brighton, wa kukampani ya mafoni. Ankalankhula Chichewa cha ku Lilongwe, chothamanga, moti Tusekile anachita kumupempha kuti abwereze. Brighton anati nsanja ija ili ngati mjigo umodzi m'mudzi waukulu, aliyense ali pamzere ndi ndowa yake. Kampani inkafuna kuika mpopi wachiwiri, kabokosi ka waifai kolumikizidwa ku waya wodutsa m'mbali mwa msewu, kuti mafoni a anthu oyandikira azisiya nsanja n'kumadzera m'kabokosimo, motsika mtengo. Nyumba ya a Kayira inali pamalo abwino, pafupi ndi siteji, yofolera ndi malata, yokhala ndi magetsi. Anawonjeza kuti apanyumbapo azigwiritsa ntchito ulere.

Tusekile sanamve zonse. Anafunsa chinthu chimodzi.

"Ndiye nkhope ya mwana wanga idzasiya kuuma?"

"Idzasiya, mayi. Muziona ngati ali pompano."

Kabokosiko anakakhomera pansi pa denga la khonde, koyera, kokhala ndi kagetsi kobiriwira. Ndipo Brighton sananame. Lamulungu lotsatira Emma anaoneka yense, mpaka mpata wa pakati pa mano ake, womwe anatengera kwa bambo ake. Anayenda ndi foni kuwaonetsa kachipinda kake, nsapato zatsopano, poto wa nyemba pa mbaula. A Kayira anaseka kuseka kwa mbali imodzi, malovu akuyenderera, ndipo anatchula dzina la mwana wawo lonse lathunthu. Tsiku limenelo Tusekile anakapsompsona kabokosiko mumtima.

Walira mvula walira matope. Oyamba kubwera anali a kabaza, amene anazindikira kuti pamthunzi wa mango a pabwalo la a Kayira foni imathamanga. Kunabwera ana a sekondale, amayi ogulitsa nsomba, akazi a asilikali, ndi abambo ena oti sunkadziwa kuti amagwira ntchito yanji. Masiku oyambirira ankaodira, ndipo Tusekile ankatuluka kuyankha aliyense, kumufunsa za kunyumba, kumupatsa mpando. Mipando itatha anatulutsa mkeka. Kenako kuodira kunatha, koma kupempha sikunathe. Uyu madzi akumwa, uyu pobayira tchaja, uyu chimbudzi. Mpiru umene anabzala kuseri unapondedwa wonse. M'mawa uliwonse ankasesa makoko a nzimbe ndi mapepala a zigumu, ndipo asanamalize kusesa woyamba anali atakhala kale. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa silinkawaumitsa.

Brighton atabweranso kudzaona kabokosi anali wosangalala kwambiri. Anati kuofesi akuyamikira, nsanja ya paphiri yapuma, anthu a kudoko akutumiza mauthenga mosavuta. Tusekile anafuna kufunsa kuti nanga iye adzapuma liti, koma anangomupatsa madzi m'kapu ya alendo.

Chodabwitsa n'chakuti khamu limeneli silinkachita phokoso. Ambiri ankaika timawaya m'makutu n'kuwerama. Ndipo poti mwambo suchoka m'mafupa, amuna ankakhala paokha pansi pa mango, amayi paokha m'mbali mwa khoma, miyendo yotambasula, popanda wowauza.

Mmawa wina Yunike, mnzake wa Tusekile wa m'gulu la amayi a kutchalitchi, ankachokera ku Vinthukutu ndi beseni la nthochi pamutu. Anali atatenga nthawi osadzera njira imeneyo, koma ankadziwa kuti a Kayira ali gone. Atakhota pasiteji anaona amuna uku, amayi uku, onse zyoli, chete. Munthu woleredwa bwino safunsa zinthu zoonekeratu. Anatula beseni pamsewu, kumanga chitenje, n'kuyamba kulira mokweza akutchula dzina la a Kayira, akuyenda pang'onopang'ono kulunjika pakhomo. Anthu a panjinga amene ankadutsa anatsika n'kuvula zipewa, monga amachitira aliyense akafika pa maliro.

Mitu inadzuka. Wina anayamba kuseka, ena onse n'kutsatira, ndipo mtsikana wina anajambula zonsezo n'kuzitumiza kudzera m'kabokosi komweko. Pofika masana, Karonga yense anali atamuona Yunike akulira maliro a munthu wamoyo. Iye anatola nthochi zake mwamanyazi, ndipo anauza Tusekile m'Chitumbuka chowawa kuti pakhomo pano sadzagwetsaponso msozi pokhapokha ataona bokosi la maliro ndi maso ake. Kuyambira tsiku limenelo ankati akamadutsa amayang'ana kumbali. A panjinga nawo anasiya kutsika.

Tusekile atalowa m'chipinda anapeza a Kayira ali maso, msozi ukutsikira kukhutu. Anali atamva maliro awo omwe, ndi kuseka kumene kunatsatira. Apa mtima unamupsa ndithu. Anapita pasoketi n'kugwira pulagi ya kabokosi, ndipo anaigwira nthawi yaitali. Koma linali Lachisanu, Lamulungu linali pafupi. Anaisiya, napita kukachapa zofunda.

Miyezi ikupita, mpopi wachiwiri uja nawo unakhala ndi mzere wake. Anthu anachuluka mpaka ena ankakhala m'ngalande ya msewu, ndipo nkhope ya Emma inayambiranso kuuma. Brighton anati adzabweretsa kabokosi kena posachedwa. Posachedwa wa anthu a muofesi alibe miyendo, moti sanafike.

Linali Lamulungu la m'nyengo yotentha, malata akulira okha ndi dzuwa. A Kayira anali atakana phala kuyambira dzulo lake, ndipo kupuma kwawo kunasintha, kumakoka, kuima, n'kuyambanso. Tusekile anali atadwazika anthu ambiri, sanafunikire dokotala kuti amuuze. Kutchalitchi sanapite. Anawasambitsa, kuwaveka malaya oyera, kuwatsamiritsa papilo, n'kudikira nthawi ya Emma.

Foni inalira, iye anayankha, ndipo pagalasi panangozungulira kamkombero. Nkhope inabwera theka, n'kuuma. Anayesanso, chimodzimodzi. Panja panali podzaza kuposa masiku onse, chifukwa kunali mpira waukulu ndipo aliyense ankauonera pafoni yake. A Kayira analibe mphamvu zogwedezera foni tsopano. Ankangoiyang'ana, milomo ikuyesa kupanga dzina.

Tusekile anaima kuseri kwa chitseko, dzanja pa chogwirira. Moyo wake wonse anali asanauzepo mlendo chochita pakhomo pake. Anaganiza zozimitsa kabokosi, koma Emma nayenso ankadzera momwemo. Panalibe njira ina koma pakamwa. Manyazi anapha lambe, anadziuza yekha, natsegula.

Palibe anadzutsa mutu. Anagwada pakhomo monga anaphunzitsidwira kulankhula pagulu, nawomba m'manja pang'ono. Analankhula Chichewa, poti pagulupo panali anthu a zilankhulo zambiri, Chichewa chake cholemera cha ku Lupembe.

"Pepani chomene. Amuna anga akupita. Mwana wawo ali kutali, akufuna kutsanzikana nawo, koma njira yadzaza. Ndikupempha muzimitseko mafoni. Sindikukuthamangitsani."

Amene anali pafupi anachotsa timawaya m'makutu n'kugwedeza anzawo. Mawu anayenda kuchoka pakhonde kufika pamango, mpaka m'ngalande. Aliyense anayang'ana mnzake. Ndiye Morton, wa kabaza amene sanaodirepo pakhomopo chiyambire, anazimitsa foni yake n'kuiika pansi chafufumimba. Wapafupi naye anachita chimodzimodzi, kenako winanso. Mpira unali usanathe.

Tusekile sanadikire kuona onse. Atabwerera m'chipinda, Emma anali akuyenda pagalasi, akuphethira, akupukuta mphuno ndi mkono. Tusekile anagwirizira foni pafupi ndi nkhope ya amuna ake. Emma sanalankhule zazikulu. Anawakumbutsa kaboti kamatabwa otsala kamene anamukhomera ali mwana, kamene kanamira tsiku loyamba lomwelo, ndi mmene iwo ananamizira mphepo. A Kayira anamwetulira mbali yawo imodzi ija. Anakweza dzanja lamoyo n'kukhudza galasi pamene panali tsaya la mwana wawo, natchula dzina lake bwinobwino. Nkhope sinaume ngakhale kamodzi. Dzuwa likadali padenga, anakoka mpweya, ndipo sanaubwezenso.

Tusekile anawatseka maso, kuwawongola miyendo, kuwafunditsa nsalu. Anamuuza Emma kuti alire, amuimbiranso. Ankadziwa kuti tsopano ayenera kukuwa kuti mudzi udziwe, koma atatsegula pakamwa sipanatuluke kanthu. Anali atatopa mpaka kukhosi. Anangotuluka n'kukhala pakhomo, mogwira bondo kaye.

Anthu aja anali pomwepo. Palibe anachoka, palibenso anayatsa foni. Amuna pansi pa mango, amayi m'mbali mwa khoma, onse owerama. Atamuona mmene anakhalira, ovala zipewa anazivula.

Nthawi imeneyo Yunike ankachokera kumsonkhano wa amayi, atavala yunifolomu, akupita kusiteji. Anayang'ana kumbali monga mwa masiku onse, nafulumiza mapazi. Koma diso silimvera mwini wake. Anaona khamu lomwe lija, mitu yomwe ija, ndipo anali atadutsa kale pamene china chinamukoka mtima. Anaima, nacheuka, nayang'ana manja awo. Munalibe kanthu m'manja mwa aliyense.

Anaika chikwama pansi pang'onopang'ono. Kulira kwake kunayamba motsika, mochita kufunsa, ndipo poona kuti palibe akuseka anakutulutsa konse. Amayi a m'mbali mwa khoma anamulandira, ena mwa iwo osadziwa n'komwe nkhope ya a Kayira. Morton ananyamuka kukathyola masamba oika pamsewu, ndipo munthu woyamba wa panjinga amene anafika pamasambapo anatsika.

Tusekile anayang'ana anthu onsewo pabwalo lake, padzuwa, ndipo anakumbukira kuti m'ndowa mulibe madzi akumwa. Anagwira bondo kuti adzuke. Dzanja linamutsikira paphewa, la mayi wina wogulitsa nsomba amene kwa miyezi yonseyi ankangomudziwa pamwamba pa mutu.

"Khalani, amama. Ndowa ili kuti?"

Tusekile analoza kuseri kwa chitseko, ndipo anakhala.