Makutu a Bambo Ali Pakhoma

Achemwali anga amadyera mitundu. Mu holo ya zoimbaimba, iwo ndi amene amakhala pa katebulo kumbuyo, kuyendetsa sikirini yaikulu ya kuseri kwa oimba. Ali ndi makina odzaza mabatani omwe amamva phokoso kudzera pa maikolofoni, ndipo amawatchera kuti mtundu uzisintha wokha: gitala ikalira motsitsa sikirini ikhale ya buluu, ng'oma ikagunda ichite chikasu, woimba akakuwa ifiire psu. Anthu amangovina, osadziwa kuti kutcherako kwamudyera munthu masiku atatu.

Bambo athu anagontha chifukwa chokhoma ndowa zaka makumi atatu. Mayi atamwalira, achemwali anawatenga, n'kuwaikira makina akale pabalaza, olumikiza ku TV ndi maikolofoni yokoleka pamsomali. Munthu akagogoda, TV inkabiriwira. Ketulo ikalira, chikasu. Madala ankanyada nazo, n'kumauza mlendo aliyense kuti makutu awo masiku ano ali pakhoma.

Koma TV imeneyo sinkafiira.

Alamu anga anali munthu woseka ndi aliyense pamsewu, koma m'nyumba chilombo. Ndimadana nawo mpaka lero, sindibisa. Ankamenya achemwali kuchipinda dzuwa likuswa mtengo, apongozi awo ali pabalaza pomwepo, podziwa kuti samva. Nditaona zipsera ndinalalata, koma achemwali anandilumbiritsa kuti ndisaulule. Anandionetsanso zomwe anachita: anakweza muyezo wa mtundu wofiira mpaka kumapeto, kuti ngakhale denga ligwe TV isafiire. Ankati mtima wa bambo sungapirire.

Loweruka lina ndinapita kukathandiza achemwali kuchapa, ndipo ndinawapeza akuyankhula dzanja lili pakamwa. Dzino lakutsogolo panalibe. Anadikira bambo alowe kubafa, n'kugwada pamakina paja, kupotokola kabatani kamodzi pang'onopang'ono. Anawomba m'manja kamodzi, TV n'kuthwanima mofiira. Kenako anaimirira, n'kupita kukayanika zovala.

Alamu anafika cha m'ma 2 koloko, mlandu wake malaya osasita. Anawakokera achemwali kuchipinda n'kukhoma chitseko. Mbama yoyamba itamveka, TV inafiira. Kenako kunabwera lamba, ndipo lamba aliyense akatera TV inkafiira, kuzima, kufiiranso. Bambo anaiyang'ana, n'kuyang'ana khomo lakunja, n'kuyang'ana ine. Lumbiro lija ndinalitaya, ndinangoloza chitseko cha kuchipinda.

Bambo anasolola hamala yawo yakale pansi pa mpando. Loko anangoimenya kawiri. M'katimo achemwali anali pansi, magazi ali chuchuchu m'mphuno, alamu atawaponda tsitsi ndi nsapato. Hamala inatera padzanja logwira lamba lija, fupa n'kuthyoka ngati nkhuni youma. Alamu anakuwa, pabalaza ponse panafiira. Hamala inakweranso kulunjika kumutu, ndipo achemwali akanapanda kugwira bambo mwendo, bwenzi tikunena za maliro. Chisoni ndinalibe ngakhale pang'ono.

Aneba anawanyamula alamu kupita nawo kuchipatala, ndipo alamuwo m'nyumba muja sanapondemonso. Bambo anakhala pampando, hamala ili pamiyendo. Anafunsa ndi mawu awo okweza aja kuti zimenezi zinayamba liti. Achemwali anaimika zala zitatu, n'kulemba pakapepala kuti zaka. Bambo analoza TV, kufunsa chomwe inkakhalira chete nthawi yonseyo. Achemwali anawaonetsa kabatani kaja, n'kudziloza pachifuwa.

Bambo anakayang'ana kabataniko nthawi yaitali.

"Ine ndimati hamala ndi imene inanditseka makutu," anatero. "Kani unali iwe, mwana wanga?"

Achemwali analira mokweza, koyamba m'zaka zitatu, ndipo TV inafiira. Bambo sanaicheukirenso. Ankayang'ana pakamwa pa mwana wawo, pomwe panali dzino.