Ndine Mtsikana Uja Amagwa

Ndinayamba kugwa m'zaka zimene zipani zinali zitangochuluka m'dziko muno, aliyense akukamba za ufulu. Ndinali ku pulayimale. Tinkakhala pamwamba pa phiri la Zomba, m'nyumba za anthu ogwira ntchito m'nkhalango, chifukwa bambo anga ankadzala ndi kudulira mitengo ya paini. Tsiku loyamba ndinagwa ndikuchapa kumtsinje wa Mulunguzi. Za kugwako sindikumbukapo kanthu. Ndinangotsitsimuka lilime likuwawa, siketi ili yonyowa, mutu wanga uli pamiyendo ya amayi. Azimayi ena amene tinkachapa nawo anali ataima patali, atatseka mphuno ndi zitenje.

Nthawi imeneyo tinkakhala ndi azakhali, alongo awo a bambo, ukwati wawo utatha. Iwo ndi amene anagamula nkhani yanga.

"Mwanayu ndi wa khunyu," anatero. "Thovu lake likakukhudza, kapena akaphwisa uli pafupi, nawenso umayamba kugwa."

Anandigulira kapu yofiira ya pulasitiki ndi mbale yanga, n'kuzipachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Mphasa yanga anaichotsa pamene ndinkagona ndi ang'ono anga, n'kuiyala pakona. Ananditengera kwa sing'anga wina cha ku Domasi, amene ananditema mphini m'mbali mwa mutu n'kupakamo mankhwala akuda. Mphini zinapola, koma ine ndinkagwabe. Kenako azakhali anati ndisiye sukulu, ndisakapatsire ana a eni ake.

Amayi sanapite patali ndi sukulu. Ankagulitsa sitiroberi ndi mapichesi m'mbali mwa msewu wokwera phiri, ndipo sanali munthu wa mawu ambiri. Koma tsiku limenelo anayankha.

"Alamu, mwana ndinabereka ine. Sukulu sasiya."

M'mawa mwake tinatsika phiri kudzera njira yachidule ya anthu osenza nkhuni, chifunga chisanachoke. Ku Zomba kuno munthu akamapita kuchipatala chifukwa cha vuto la m'mutu, anthu amangoti wapenga. Mayi wina woyandikana nafe anafuula ali pakhomo pake, "Kodi mukupita naye ku mentolo?"

"Tikupita kuchipatala," anatero amayi. "Ngati mukufuna kudziwa khomo limene tikalowe, valani nsapato mutitsatire."

A dokotala amene tinawapeza anayankhula ndi ine mwiniwake, chinthu chimene palibe anali atachitapo chiyambire kugwa kwanga. Anandifunsa zimene ndimamva ndisanagwe. Ndinawauza za kafungo ngati ka chitsulo chopsa kamene kamabwera m'mphuno. Anafunsa amayi ngati ndinadwalapo malungo aakulu ndili wakhanda, ndipo amayi anavomera. Anati mwina chinayambitsa n'chimenecho, mwina ayi, chifukwa kwa anthu ambiri chifukwa chake sichidziwika.

"Ubongo wa munthu umagwira ntchito ndi timagetsi ting'onoting'ono," anatero. "Mwa iwe, nthawi zina timagetsi timeneti timang'anima tonse pamodzi ngati mphezi. Thupi limauma, limanjenjemera, kenako zimadutsa. Si ufiti. Si misala. Ndipo sungapatsire munthu, kaya ndi thovu, kaya ndi mpweya."

Anandipatsa mapiritsi oti ndizimwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Anandichenjeza kuti ndisamasambe kudamu kapena kukhala pamoto ndili ndekha. Anaphunzitsanso amayi chochita ndikagwa: kuchotsa zinthu zimene zingandivulaze, kuika nsalu pansi pa mutu, kundigoneka cham'mbali, osandipana, osaika kanthu m'kamwa.

Titafika kunyumba tinapeza bambo ataweruka, azakhali akumwa tiyi pakhonde. Ndinali ndi ludzu la phiri lonse lija. Sindinapite kuseri kwa chitseko. Ndinatenga kapu yachitsulo imene aliyense ankamwera, ndinatunga madzi mumtsuko, n'kumwa ndikuwayang'ana azakhali m'maso.

"Achimwene, mukuona zimene akuchita mwanayu?" anakuwa azakhali.

Bambo anali munthu woopa mikangano, ndipo miyezi yonseyi anali asananenepo kanthu. Anandiyang'ana, anayang'ana amayi, kenako anatambasula dzanja. Ndinawapatsa kapu ija. Anamwa madzi amene ndinasiya mpaka kutha, n'kupukuta pakamwa ndi mkono wa ovolosi.

Azakhali sanakhulupirire mpaka tsiku limene anasamuka. Chiwiya chilichonse chimene ndagwira ankachitsuka ndi phulusa. Ine ndinkangowasiya atsuke. Kapu yofiira ija tinkathirira nayo mbewu za tomato.

Mapiritsi ankandigonetsa tulo m'kalasi, koma kugwa kunachepa kwambiri. Ndinakhoza mayeso, ndinasankhidwa kupita ku sekondale ina ya m'tauni, n'kukakhala kwa amalume ku Masongola. Kumeneko palibe ankadziwa za matenda anga, ndipo zinkandikomera kukhala ngati wina aliyense. Koma ndili folomu thu, tili pakati pa phunziro la masamu, kafungo ka chitsulo kaja kanabwera. Nditatsitsimuka ndinapeza kalasi yonse ilibe munthu, madesiki atagwetsedwa, nkhope zili mbuu m'mawindo. M'kamwa mwanga munali zidutswa za rula imene wina anandilumitsa poganiza kuti akundithandiza. Dzino lakutsogolo linali litabenthuka.

Tsiku lotsatira benchi yathu ya anthu atatu inali yanga ndekha. Ndikamadutsa ndinkamva akunong'onezana, "Ndi uja amagwa." Mnyamata wina ankadzigwetsa dala kumbuyo kwanga, akuphiriphitha, anzake akuseka. Amalume anandifunsa ngati ndikufuna andipezere sukulu ina. Ndinakana. Ndinali nditatopa nako kusunthidwira pakona.

Ndinapita kwa ahedi n'kuwapempha kuti ndiyankhule pa asembule. Anandiyang'ana modabwa. "Mwanawe, sukuona kuti akakusekanso?"

"Akundiseka kale, abwana. Bola andiseke akudziwa."

Lolemba ndinaima pamasitepe, sukulu yonse ili patsogolo panga. "Ndine mtsikana uja amagwa," ndinatero. "Ndidzagwanso, mwina m'kalasi, mwina pano. Sukulu ino sindichoka. Choncho muphunzire chochita." Ndinawauza za timagetsi ta mu ubongo monga anandiuzira a dokotala. Ndinawaonetsa dzino langa kuti aone ntchito ya rula yawo. Kenako ndinagona chagada pasimenti, yunifolomu ndi yonse, n'kunena kuti wina abwere andigoneke cham'mbali.

Ena anaseka. Ine ndinangogona, ndikuyang'ana mitambo ikukwawa paphiri, nditatsimikiza kuti sindidzuka mpaka wina abwere. Kuseka kunatha. Pomaliza mtsikana wina wa folomu folo amene sindinkamudziwa anatuluka pamzere, anavula juzi, anaipinda n'kuiika pansi pa mutu wanga, n'kunditembenuza. Pambuyo pake anandiuza kuti mchimwene wake amagwanso, ndipo kwawo amamutsekera m'nyumba alendo akabwera.

Si onse anasintha. Panali ena amene anapitiriza kundilambalala mpaka tinamaliza folomu folo. Koma nditagwanso chaka chotsatira, ndinatsitsimuka nditagona cham'mbali, anzanga atandizungulira, wina akundikupizira ndi kope.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo mapiritsi ndimamwabe. Mwamuna amene anandikwatira ndinamuuza tsiku lomwe anandifunsira, asanamalize n'komwe mawu ake okoma. Amayi ake anakana kwamtuwagalu, ati banja lawo silingalandire matenda oterowo. Ndinavala bwino, ndinakwera minibasi, n'kupita ndekha kukakhala pakhonde pawo mpaka atandimvetsera. Kuchinkhoswe anabwera nkhope ili gwaa. Mwana wathu woyamba atabadwa, ndi iwo amene anabwera kudzakhala nafe, n'kumandilondera ndikamamusambitsa kuti ndikagwa andithandize.