Maola a pa Khoma la Balani ya Mai Fainala

Kukangoyera kum'mawa, mai Fainala amakhala atafika kale pa balani yawo ku Kaluluma. Amasonkhezera moto, n'kusuzumira masamba pa kazenera, kenako amatola khala n'kulemba pa khoma: 38, 62, 110. Amenewa ndi maola amene apita chiyatsire moto. Ine ndi iwo tinabatizidwa limodzi ku CCAP, ndipo sindinawaonepo atavala wotchi, koma fodya wawo sanapserepo.

Chaka chatha alangizi anabweretsera kalabu yathu ya alimi a fodya tabuleti, kakompyuta ka m'manja, yosungiramo mbiri ya balani iliyonse, kuti alimi atsopano azitengerapo nzeru. A Dominic, mlembi wa kalabu, anakopera manambala a pa khoma paja. Vuto linali lakuti malo olembamo nthawi anawapanga ngati wotchi: akafika pa 24 amayambiranso. Maola 38 amene tsamba limafuna kuti lisanduke chikasu, makina anawasunga ngati 14. Palibe anazindikira.

Woyamba kutsatira mbiriyo anali mai Patuma, a golosale ya pamsika, amene anali atalima fodya koyamba pa ekala imodzi. Atakwana maola 14 anaunjika nkhuni kuti akweze moto. Tsamba likauma lidakali lobiriwira, silisinthanso mtundu, ndipo ku okushoni salifuna.

Ine ndi mai Fainala tinkadutsa popita ku Mvano. Iwo anaona utsi, anapatuka.

"Anzanga, mwayatsa liti?"

"Dzulo madzulo. Makina akuti nthawi yakwana."

"Makinawo analowamo m'balanimu? Phulani nkhunizo."

Anavula duku loyera, anapatsa ine kuti ndiwagwirire, ndipo awiriwo anakoka zikuni ndi khasu. Ku Mvano tinafika akutseka ndi pemphero.

Lachitatu pa msonkhano wa kalabu a Dominic anadziteteza kuti iwo analemba zoona.

"Sitikukana, achimwene," anatero mai Fainala. "Koma chinthu chanuchi chimadziwa kuti ili nthawi yanji basi. Kuti papita nthawi yaitali bwanji, chimaiwala tsiku lililonse ngati amuna anga."

Anthu anaseka, amuna awo omwe. Kuyambira pamenepo a Dominic amalemba maola onse ngati nambala wamba pa malo olembapo ndemanga, ndipo amawerengera mokweza mwini balani asanachoke. Fodya wa mai Patuma anatuluka wachikasu bwino, kupatula wopachikidwa pa mikangala iwiri ya pansi. Chaka chino alima maekala awiri, ndipo khoma la balani yawo ladzaza makala.

Tsiku la msonkhano lija mai Fainala anaperekeza alangizi mpaka pa njinga yawo yamoto. Anawapempha kuti akauze opanga makinawo aikemo malo owerenga maola mopitirira, osabwerera pa 24, chifukwa makalabu ena alibe woona utsi. Alangizi analemba m'kabuku. Mpaka lero yankho silinabwere.